Musaumirize kapinga pamene wakana

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi anzathu amene chaka ndi chaka amabzala kapinga pamalo amodzimodzi, iye n'kumangouma. Kapinga amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa pa tsiku komanso dothi losagangatika. Pamene izi palibe, ngakhale mutathirira m'mawa ndi madzulo, mukungotopetsa ana otunga madzi.

Malo ovutitsitsa ndi pamene madzi a padenga amagwera n'kutsetsereka. Denga la malata la mamita 8 m'litali ndi 5 m'lifupi, ikagwa mvula ya mamilimita 25, limakhuthula malita 1,000, zigubu 50 za malita 20. Kuno ku Ulongwe, ku Tsangano ndi ku Furancungo, kumene nyumba zambiri zili pamtsetse, madzi amenewa ndiwo amafukula maziko. Kumbani kangalande kotsata m'mphepete mwa denga, kotakata masentimita 40, kozama 15, mudzazemo miyala ing'onoing'ono kapena zibenthu za njerwa. Chakumunsi bzalani mzere wa udzu wa vetiva mopingasa mtsetse. Zulani phata, muligawe timagulu ta mphukira 2 kapena 3, mudule masamba atsale masentimita 20, mizu 10, n'kubzala motalikana masentimita 10 mpaka 15. Ambiri amataya apa: amatalikitsa mapando kuti mbewu ikwanire, madzi n'kupeza mpata, ndipo mpatawo umasanduka chigwembe. Enanso amalondola mpanda wa nyumba m'malo motsata mulingo, madzi n'kuthamangira mbali imodzi. Bzalani mvula itakhazikika, mu Disembala kapena Januwale, mupalire miyezi iwiri yoyamba. Akagwira basi, mizu yake imalowa pansi mamita awiri kapena kuposa, ndipo sayanga m'mbali. Kumumweta kawiri pa chaka kwakwana. Koma pamthunzi musamuike, amafooka.

Pansi pa mango nkhani ndi ina. Mthunzi ndi wandiweyani, mizu ya mtengo imamwa chinyezi chonse, ndiye tsache la m'mawa uliwonse limachotsa kadothi kotsala mpaka mizu kuonekera pamtunda. Sitikunyoza kusesa, bwalo loyera ndi ulemu wa pakhomo, koma pansi pa mtengo pokhapo lekani. Zungulizani njerwa kulekeza pamene nthambi zathera, mkatimo muphimbire ndi masamba ouma kapena makoko a mtedza, kuchindikala masentimita 5 mpaka 8. Pozungulira thunthu siyani danga ngati chikhatho, chifukwa zinyalala zonyowa zikagunda khungwa limaola. Musaunjike dothi lambiri pamizu pofuna kuibisa, imasowa mpweya. Chiswe chidzabwera ndithu kudzadya zophimbirazo, ingowonjezerani kamodzi pa chaka, koma musazifikitse kukhoma kapena kunkhokwe. Wofuna zobiriwira abzale sansevieria, maluwa aja a masamba okhuthala onga lupanga. Amapirira mthunzi ndi ludzu lomwe.

Abale a ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, vuto lawo ndi khoma loyang'ana kumadzulo. Limasunga kutentha n'kuwaula chilichonse chanthete. Apo pafunika alovera. Thyolani ana ake patsinde, muwasiye pamthunzi masiku awiri kapena atatu bala liume, mubzale pa kamtumbira kosakaniza dothi ndi mchenga wakumtsinje theka ndi theka, motalikana masentimita 40. Sabata yoyamba musathirire. Alovera wambiri amafa ndi madzi ochuluka, masamba amafewa n'kuola kuyambira pansi. Nkhadze nayo imapirira, koma utomoni wake umawononga maso, si yobzala pamene ana amasewera.

Kanjira kopita ku bafa ndi kuchimbudzi musavutike n'komwe kubzalamo kapinga. Yalani mchenga masentimita 3, mugoneke njerwa zootcha mothithikana, pakati pakwere pang'ono kuti madzi azitsikira m'mbali.

Ife owerenga anu,
Olima maluwa ndi mitengo,
Ulongwe, Angónia