Kalata yotseguka kwa wapampando wa timu yathu: musanajambule filimu, tiuzeni mwini timu

Bambo Wapampando,

Landirani moni kuchokera kwa ife mamembala a timu amene tili ndi makhadi, a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose muno mu Harare. Takulemberani katatu kudzera kwa mlembi, ndipo tinatumiza akuluakulu awiri kuti akuoneni pamaso. Anabwerako ndi mawu akuti "tikuyimbirani." Foniyo sinalire mpaka lero. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake kalata ino taiika poyera.

Tamva pa WhatsApp, osati pakamwa panu, kuti mwagwirizana ndi kampani ina yojambula kuti ipange filimu ya timu yathu, "ngati ya Wrexham ija," timu ya mpira ya ku Wales. Anyamata a makamera tawaona kale pabwalo lokonzekera masewero. Filimu sitidana nayo, bambo. Ambiri mwa ife timagona mochedwa kuonera mafilimu a matimu a eni ake. Koma musanalipire kamera yatsopano, pitani kuseri kwa chipinda chovalira osewera, mukatsegule kontena ija.

Fungo lokha likuuzani. Kumanzere, pansi pa maukonde akale a pagolo ndi matumba a laimu wolembera mizere, pali makatoni a matepi. Mndandanda wa katundu umene unawerengedwa pa msonkhano womaliza unati matepiwo alipo 140, ambiri a VHS, ena ang'onoang'ono a Mini DV. Denga la kontena linabooka pakona ndi dzimbiri, choncho katoni yapansi inamwa madzi dzinja lathali, inafewa ngati nsima yogonera. Tolani tepi imodzi, muipukute laimu, muyang'ane pa kawindo kake. Pa mkombero wa riboni yakuda muona timadontho toyera ngati wina wawaza ufa. Chimenecho ndi chuku, ndipo chikudya zigoli za makolo athu.

Riboni ya tepi ndi pulasitiki yopyapyala imene anamatapo fumbi la maginito, ndipo chithunzi ndi mawu zimakhala mu fumbilo. Chinyezi chikalowa, chomatiracho chimafewa. Kenako kumabwera Okutobala, chitsulo cha kontena n'kutentha moti simungayikepo dzanja, riboni n'kumatirirana yokhayokha. Tepi yotere mukaiika m'makina, fumbi lija limasendeka n'kutsalira pa mitu yowerengera, ndipo zimene zasendeka sizibwerera. Tepi yachuku imapatsiranso makina, makinawo n'kupatsira tepi iliyonse yolowa pambuyo pake. N'chifukwa chake tinachita mantha titamva kuti a filimu apempha matepi angapo "kuti aone ngati muli zabwino." Munthu wothamangira zithunzi za masekondi 20 sasamala kuti maola awiri otsalawo apulumuka kapena ayi.

M'matepimo muli masewero a pa mabwalo a Gwanzura ndi Rufaro. Muli ana a anthu amene anabwera pa sitima ndi pansi kuchokera ku Nyasaland, nagwira ntchito ku khonsolo ndi m'mafakitale a ku Workington ndi Southerton, nayambitsa timu iyi ndi zopereka za kumapeto kwa mwezi. Dziko lonse limadziwa kuti Benjani Mwaruwari, amene anakafika ku Portsmouth ndi Manchester City, ndi mwana wa makolo a ku Malawi. Anzake ambirimbiri a magazi omwewo sanadutse malire a Beitbridge, ndipo chokhacho chosonyeza kuti anamenyapo mpira ndi makatoni amenewa. Ku mafulati a Matapi, ku Mbare, kuli mayi wamasiye amene wakhala akupempha ofesi yanu kuti aone kamodzi kokha amuna ake ali pagolo, adzukulu aone agogo awo akuuluka. Amauzidwa kuti makiyi a kontena ali ndi munthu amene wachoka.

Kupulumutsa matepiwa si ntchito ya ufiti. Choyamba achoke mu kontena, apite m'chipinda chouma, chozizirirapo, kutali ndi masipika ndi chilichonse cha maginito. Aimikidwe chilili ngati mabuku, asasanjikizidwe chogona. Achuku apatulidwe m'thumba lawolawo, asaseweredwe kufikira atatsukidwa ndi munthu woidziwa ntchitoyo. Pakufunika makina a VHS amoyo a PAL (mtundu wa kanema wa kuno), makamaka awiri, chifukwa kampani yomaliza kuwapanga, Funai, inasiya mu 2016 ndipo malamba ndi mitu yake n'zosowa. Mitu ipukutidwe ndi spiriti ya isopropyl pakapita matepi ochepa. Pakati pa makina ndi kompyuta pakhale kachipangizo kokhazikitsa chithunzi kotchedwa time base corrector, apo ayi chithunzi cha tepi yakale chimagwedezeka ndipo mawu amasiyana ndi milomo. A Mini DV amalowa mu kompyuta ndi chingwe cha FireWire. Magetsi a muno mumawadziwa, ndiye pakhale batire ndi inivheta, poti akathima tepi ili pakati imakodwa m'makina.

Palibe chidule, tepi ya maola awiri imatenga maola awiri. Matepi 140 ndi maola pafupifupi 280, ndiye munthu wogwira maola 6 patsiku amaliza m'masiku 47. Mukasunga pa mlingo wa DV, ola limodzi limadya magigabaiti 13, zonse pamodzi n'kukwana pa hadi diraivi ya 4TB. Zigulidwe ziwiri, zisungidwe nyumba zosiyana. Mtengo wake sufika ngakhale pa ndalama imene timu inawononga pa chakudya cha alendo tsiku lokhazikitsa yunifomu yatsopano.

Koma apa ndi pamene pagona nkhani. Zithunzizo zikapulumuka, zidzakhala za yani? Ndipo mgwirizano wa filimu munasaina m'dzina la yani?

Amene anakuuzani za Wrexham anakuuzani theka. N'zoona kuti Ryan Reynolds ndi Rob McElhenney anatenga timuyo mu Febuluwale 2021, nalonjeza kuikamo mapaundi 2 miliyoni, kuti Welcome to Wrexham inayamba kuonetsedwa mu 2022, ndiponso kuti timuyo inakwera ligi katatu motsatizana, 2023, 2024 ndi 2025. Theka linalo ndi ili: timuyo inali m'manja mwa masapota kuyambira 2011, kudzera mu Wrexham Supporters Trust. Akatswiri a ku Hollywood aja anayamba aonekera pamaso pa mamembala n'kufotokoza zolinga zawo, mamembala navota mu Novembala 2020, oposa 98 pa 100 alionse ovota navomera. Wogulitsa ankadziwika, wogula ankadziwika, voti inawerengedwa. Kamera inabwera zonsezo zili poyera. Inu mwayambira kumchira.

Ndiponso kamera siichita manyazi. Sunderland inalola ojambula mu nyengo ya 2017/18 ikuganiza kuti ajambula timu ikubwerera ku Premier League. Anajambula ikutsikiranso ku League One, ligi yachitatu ya ku England, dziko lonse likuonera pa Netflix. Kwathu kuno ajambula chiyani? Osewera amene sanalandire malipiro miyezi ingapo, akuyenda pansi kuchokera ku Mufakose chifukwa alibe ya kombi. Matikiti a pakhomo ong'ambidwa m'buku lopanda manambala. Basi imene inachoka pabwalo n'kukaima pabwalo la nyumba ya munthu. Anyamata a timu yaing'ono akusinthana nsapato pa nthawi yopumula. Malipoti a zachuma amene palibe membala anawaonapo atawunikidwa ndi odita.

Tikukumbutseni mwaulemu, bambo, poti ndinu munthu wamkulu ndipo bambo anu tinawaika m'manda tonse. Tsiku limene munasankhidwa munaimirira m'holo muja n'kunena kuti msonkhano waukulu uzichitika chaka chilichonse monga malamulo a timu amanenera. Unachitika umodzi. Munati kaundula wa mamembala akonzedwanso, makhadi akhale ndi manambala. Tinalipira, makhadi anabwera opanda nambala. Munati nkhani yosandutsa timu kukhala kampani idzabwera kwa mamembala isanapite kwa maloya. Lero makalata a timu akutuluka ndi mawu akuti "(Private) Limited" pamutu, ndipo palibe msonkhano umene unavomereza zimenezo. Tikafunsa, amatiuza kuti ndife masapota chabe, ntchito yathu ndi ng'oma. Ng'oma timaimba ndithu, koma malamulo amene makolo athu analemba amati timu ndi ya mamembala, ndipo sitinamve kuti anafafanizidwa.

Ngati kampaniyo ilipodi, inalembetsedwa pansi pa Companies and Other Business Entities Act, ndipo ili ndi mapepala: satifiketi yolembetsera, fomu ya CR6 yosonyeza madailekitala, kaundula wa eni masheya, ndi malipoti a chaka ndi chaka. Mapepalawa sabisidwa m'chikwama. Ngati dzina la timu, chizindikiro chake ndi katundu wake zinasamutsidwa kuchoka ku bungwe la mamembala kupita ku kampaniyo, payenera kukhala chigamulo cha msonkhano ndi maminitsi ake. Ngati palibe, ndiye kuti amene wasaina ndi a filimu wagulitsa mbuzi ya eni, ndipo a filimuwo tsiku lina adzadzuka ndi kalata ya khoti. CAF nayo, yoyendetsa mpira mu Africa, pa malamulo a ziphaso za matimu imafuna kudziwa kuti timu ndi bungwe lanji pamaso pa lamulo, ndipo imafuna malipoti a zachuma owunikidwa. Mukulota Premier Soccer League ndi mapepala ati?

Musatimve molakwa, munthu wandalama sitimukana. Mpira wa masiku ano suyenda ndi zopereka za m'mbale. Kumudzi ku Malawi Big Bullets inalowa m'manja mwa Nyasa Manufacturing Company, dzina linasintha poyera ndipo aliyense amadziwa khomo logogoda zinthu zikavuta. Ku Bulawayo, Highlanders, ya 1926, ikadali ya mamembala, amakangana koopsa pa misonkhano yawo koma amasankha okha atsogoleri. Ku Germany kuyambira 1998 kuli lamulo la 50+1, loti wandalama alowe koma mavoti ochuluka atsale ndi mamembala, kupatula matimu ochepa ngati Leverkusen ndi Wolfsburg amene anakulira m'makampani. Njira zonsezi zili ndi zovuta zake ndipo tikhoza kutsutsana usiku wonse kuti yabwino ndi iti. Ambiri mwa ife tingakonde ya ku Germany. Imene tikuikana ndi yachinayi, yoti timu isinthe mwini mumdima. Bury inagulidwa ndi paundi imodzi mu Disembala 2018, pofika Ogasiti 2019 inali itachotsedwa mu ligi, timu ya zaka zoposa 130. Wimbledon inanyamulidwa n'kupita ku Milton Keynes, masapota n'kuyambiranso pansi mu 2002 ndi AFC Wimbledon.

Mgwirizano wa filimuwo sitinauone, koma tikudziwa malo amene matimu osauka amapusitsidwa. Zithunzi zonse zojambulidwa, ngakhale zosalowa mu filimu, zikhala za yani? Chilolezo ndi cha zaka zingati, cha mayiko ati, ndipo chikatha chibwerera kwa ife? Matepi akale akubwerekedwa kapena akuperekedwa? Gawo la timu likuwerengedwa pa ndalama zonse zolowa kapena pa phindu? Mukavomera phindu, dziwani kuti pa pepala phindu la filimu silioneka. Wosewera aliyense asaine yekha chilolezo, ndipo wosakwana zaka 18 amusainire kholo. Zithunzi za masewero a ligi kawirikawiri ufulu wake umakhala ndi oyendetsa ligi, osati timu. Nyimbo za oimba zomveka pa masipika a pabwalo zili ndi eni ake pansi pa Copyright and Neighbouring Rights Act. Nanga nyimbo zathu za kumasitandi, zosakaniza Chichewa ndi Chishona, zimene a filimu azikonda kwambiri, anatipempha liti?

Tsono pempho lathu ndi ili, bambo. Matepi achoke mu kontena sabata ino, mvula isanabwerenso, awerengedwe pamaso pa mamembala atatu osakhala a komiti yanu, ndipo tepi ngakhale imodzi isaperekedwe kwa a filimu. Chipinda chouma chapezeka kale ku Highfield, ndipo pakati pathu pali amisiri a zamakanema okonzeka kugwira ntchitoyi mwaulere timu ikagula mahadi diraivi awiriwo. Kujambula kuime. Itanitsani msonkhano waukulu pasanathe masiku 30, chidziwitso chipachikidwe pageti la bwalo, osati pa gulu la WhatsApp la anthu osankhidwa. Mubwere ndi malamulo a timu, mapepala onse a kampani, malipoti a zachuma kuyambira chaka chimene munalowa, ndi mgwirizano wa filimu wathunthu, masamba onse. Mamembala avote pa zinthu ziwiri, umwini ndi filimu, motsatana choncho.

Masiku 30 akatha muli chete, tidzasonkhanitsa masiginecha n'kuitanitsa msonkhanowo tokha monga malamulo a timu amatilolera, ndipo makope a kalata ino adzapita ku ZIFA, bungwe loyendetsa mpira muno mu Zimbabwe, ndi ku Sports and Recreation Commission. Tepi yoyamba kutsukidwa ikhale ya goloboyi uja, ndipo mukaipereke nokha ku Matapi.

Ife anu,
Mamembala a makhadi, nthambi za Mbare, Highfield ndi Mufakose
Harare