Mvumbi watitopetsa kuno ku Chipata

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za madzinja amene akutigwera kuno kummawa. Chilala cha 2024 chinatiphunzitsa kupempherera mvula, ndiye munthu ukadandaula kuti yachuluka anthu amakuyang'ana ngati wosayamika. Koma mvumbi wa sabata yathunthu, dzuwa osaoneka, nawonso umapha munda.

Pitani mukaone minda ya m'mbali mwa madambo mu February. Madzi ali tho m'mizere, chimanga chachita chikasu kuyambira masamba a m'munsi, chifukwa feteleza wa urea amene tinagula movutikira wakokoloka mbewu isanadye. Udzu ndiye usanene, ukapalira lero mawa wagwiranso. Nshawa zikakumbidwa nthaka ili chinyontho zimachita chuku, ndipo wogula akangonunkhiza amatsitsa mtengo.

Pempho langa likupita kwa akatswiri a ku Msekera, malo ofufuzira za ulimi kuno ku Chipata, ndi alangizi athu. Uphungu wambiri umene timamva pa wailesi ndi wosunga madzi m'munda. Tiuzeninso za kukumba ngalande zotulutsa madzi, za kuthira feteleza pang'onopang'ono m'malo mwa kamodzi, ndi mbewu zimene zimapirira nthaka yolowa madzi. Zimenezi zitipeze mu October, tisanabzale.

Mlimi wodandaula,
Chipata