Tithandize kulemba komwe kajongwe watsala

A Mkonzi,

Ndine mkulu wokhala ku Mufakose, mwana wa bambo wochokera ku Dedza, ndipo ndagwira ntchito ya m'dimba la maluwa muno mu Harare zaka zambiri. Mvula ikagwa mu Disembala ndimaona anyamata m'mphepete mwa msewu atanyamula mitolo ya kajongwe m'zidebe. Ndi duwa lija lofiira ndi lachikasu ngati malawi a moto, limene akatswiri amalitcha Gloriosa superba, duwa la fuko la Zimbabwe. Lamulo limaliteteza, koma amalithyolabe, ena mpaka kukumba ndi mizu yomwe. Duwa lothyoledwa silibereka mbewu, ndipo akakumba ndi mizu yomwe, chaka chamawa pamalopo pamera udzu wokha.

Mwezi watha mdzukulu wanga ananditenga ku National Herbarium ku Alexandra Park, komwe amasunga zomera zouma pafupifupi 500,000. Ogwira ntchito kumeneko anatitulutsira pepala lolimba lomwe anamatapo kajongwe wotoledwa ine ndisanabadwe. Mtundu wake unafwifwa, koma nsonga za masamba zinali zopindika ndithu, tija timene amagwirira pa udzu akamakwera. Pangodya panali kachikalata konena tsiku, malo ndi dzina la amene anatola. Timapepala totere ndi timene timauza akatswiri kuti duwali limamera kuti, ndipo ndi maziko a mabuku a Flora Zambesiaca, amene anayamba kutuluka mu 1960 ndipo amafotokoza zomera za Zimbabwe, Malawi, Zambia, Mozambique ndi Botswana. Kwathu ku Malawi, ku Zomba, kulinso nyumba yotere.

Chandivuta mumtima ndi ichi: pepala limanena komwe duwa linali tsiku lomwe analitola, silinena ngati lilipobe. Kuli malo komwe ndinkaona kajongwe ndili mnyamata, popita ku ntchito pa njinga, komwe lero kuli nyumba ndi minda ya chimanga. Munthu wodalira zolembedwa zakale zokha angaganize kuti zonse zili bwino.

Ife amene makolo athu anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'madimba ndi m'mafamu timadziwa malo ambiri komwe duwali limamera, ndiponso komwe linatha. Ndikupempha akuluakulu a ku National Herbarium akonze tsiku loti atimve, alembe zomwe tikudziwa tisanapite. Achinyamata a ku Mbare, Highfield ndi Epworth ali ndi mafoni. Akaona kajongwe ajambule, alembe malo ndi tsiku, duwalo alisiye pomwepo. Asukulu atengere ana ku nkhalango ya Mukuvisi Woodlands muno mu Harare nthawi ya dzinja akaphunzire kuyang'ana zomera zam'tchire popanda kuzula.

Makolo anzanga, chenjezani ana. Chomera chonsechi ndi chakupha, makamaka mizu yake yomwe mwana angaiyese mbatata.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Mufakose