Ndisiye sukulu chifukwa cha x² − 49?

Zikomo Agogo,

Ndikulemba ino nthawi ili 1 koloko usiku, ana agona, kope ndikuliunikira ndi tochi ya foni. Ndili ndi zaka 34, m'mawa ndimagulitsa kaunjika, masana ndimapita ku open kuti ndilembenso MSCE. Chimene chinandichotsa pasukulu kalelo musandifunse.

Lachiwiri aphunzitsi a masamu analemba pabolodi x² − 49, n'kuloza ine: "Amayi kumbuyoko, factorise." Amatanthauza kuti ndiiphwanye samuyo ikhale mabulaketi ochulukitsana. Ndinayankha kuti (x − 7)². Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Woyambitsa anali mwana wa alamu anga, yemwe uja anabwereka calculator yanga n'kuibweza yopanda chivundikiro, kupepesa osapepesa, mayi ake n'kumati inali yakale. Sinali yakale Agogo, ndinagula ndi phindu la belo la masiketi, lisiti ndikadali nayo.

Usiku uno ndakhala nayo samuyi mpaka ndaona pomwe ndinaphonya. (x − 7)² ukaimasula imatuluka x² − 14x + 49, pakati pamatsala 14x. Yolondola ndi (x − 7)(x + 7), chifukwa 7x wina ndi wochotsera, wina wophatikiza, ndiye amathana okhaokha. Ngakhale 4x² − 9 ndaipeza ndekha, ndi (2x − 3)(2x + 3). Ndiye kuti mutu ulipo. Koma aphunzitsiwo anangoti "difference of two squares ndi ya Fomu 2 iyi," n'kupitiriza. Fomu 2 ine ndinadutsamo ana amenewa asanabadwe. Mwinanso vuto ndi langa, ndinajomba milungu iwiri nthawi ya maliro ndipo manotsi sindinakopere. Komabe munthu wamkulu amamuimika choncho pamaso pa ana?

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Abambo akunyumba anangoti, "Fizi ija bwenzi titagulira malata." Chiyambire tsikulo kusukulu sindinapondeko, ndimawanamiza kuti aphunzitsi akudwala.

Ndithandizeni Agogo. Ndibwerere ndikakhalenso pampando womwe uja? Aphunzitsiwo ndiwauze kuti anandichititsa manyazi, kapena ndiye adzandida? Mwana uja ndimudzudzule ndekha kapena ndidzere kwa mayi ake? Komanso x² + 49 yandikanika, mabulaketi onse ndayesa ikukana. Imatheka, kapena ndikungotaya tulo? Ndilibe woti ndimufunse osandiseka.

Ine mayi wa ana atatu,
Ndirande