Inu a kampani ya intaneti, tipatseni pasiwedi ya rauta yomwe tinagula ndi ndalama zathu

Inu a kampani yomwe munatigulitsa rauta ya 4G kuno ku Nchalo, ndikulemba pano poyera chifukwa foni yanu imangoitana, ndipo ku ofesi kwanu ku Blantyre ndinabwerako ndi chipongwe chokha. Rauta tinagula K118,000, risiti ilipo. Bandulo ya mwezi timalipira K45,000. Mwezi uno yatha m'masiku 11, mwezi wathawu sinafikenso masabata awiri, ndipo kawiri konseko tawonjezera ya K20,000 kuti ntchito isaime. Pashopu yathu yosindikiza mapepala zipangizo zolumikizidwa n'zinayi basi: makompyuta awiri, pulinta ndi foni imodzi. Koma tikawerenga ndi pulogalamu yoonetsa zipangizo za pa netiweki timapeza 14, madzulo zimafika 17. Enawo ndi anthu akutidyera data, ndipo sitingawachotse chifukwa inu munakhoma chitseko cha rauta n'kupita ndi kiyi.

Chitseko ndikunenachi ndi tsamba la admin, lija limatseguka munthu akalemba 192.168.0.1 mu browser. Pasiwedi yolembedwa pa kapepala ka kunsi kwa rauta sigwira. Mnyamata wanu amene anadzatiikira anaisintha osatiuza, ndipo ya Wi-Fi anaika manambala 8 otsatizana, oti ngakhale mwana wa sitandade 5 atha kulota. Mmodzi akalowa, foni za masiku ano zimagawira mnzake pasiwedi pongomuonetsa QR code. Msika wonse ukhoza kulowa tsiku limodzi.

Ndiye Lachiwiri, kaya linali Lachitatu, la sabata yathayi ndinatseka shopu, kukwera minibasi mbandakucha, kudutsa pa Dyeratu, kuwoloka Shire, kukwera mapiri onse aja kuchokera pa Thabwa, rauta ili m'chikwama. K9,500 kupita, K9,500 kubwera, kabaza wa m'tauni K2,000. Pamzere ndinakhala maola atatu. Nditafika pa kauntala ndinapereka moni mwaulemu, "Muli bwanji achemwali," n'kufotokoza kuti ndikungofuna pasiwedi ya admin. Sanadzutse n'komwe mutu pafoni yawo. Anati, "Inu a ku Lower Shire mumangoononga zinthu, musamagwire zomwe simukuzidziwa." Kenako anatembenukira mnzawo n'kuyamba kutengera kalankhulidwe kanga ka Chisena, awiriwo n'kumaseka, anthu pamzere akumva. Nditapempha kuonana ndi abwana awo anati atuluka. Nditapempha fomu yodandaulira anati zatha. Abale anga a ku Chikwawa, Ngabu, Bangula mpaka Nsanje, ndiuzeni, kodi ndalama yathu ikafika pa kauntala imakhala yosiyana ndi ya anthu a m'tauni?

Popeza akuti sitidziwa, ndilembe pano zomwe zalakwika pa rauta yanuyi. Zambiri zimaoneka ndi pulogalamu wamba yoyezera Wi-Fi ya pafoni, osalowa n'komwe m'kati.

Chachikulu ndi WPS, yomwe munaisiya yoyatsa. WPS imalola munthu kulowa ndi PIN ya manambala 8 m'malo mwa pasiwedi. Kuyambira 2011 zinadziwika kuti PIN imeneyi ndi yofooka: rauta imayamba yatsimikizira manambala anayi oyamba paokha, kenako otsalawo, ndipo nambala yomaliza imachokera pa anzakewo. Choncho wakuba sayesa kokwana mamiliyoni, amangoyesa kosapitirira 11,000, ndipo rauta yomwe sidzitseka munthu akalakwitsa kangapo imagonja m'maola ochepa. Choipitsitsa n'chakuti amene wapeza PIN, rauta imamupatsa yokha pasiwedi ya Wi-Fi. Mukasintha pasiwedi WPS ikadali yoyatsa, mawa abweranso ndi PIN yomweyo n'kutenga yatsopanoyo. N'chifukwa chake mawu a achemwali aja akuti "mwina tidzakusinthirani pasiwedi kuchokera konkuno" sathetsa kanthu. WPS iyenera kuzimitsidwa kaye, kenako pasiwedi.

Chitetezo cha Wi-Fi munaika pa njira yotchedwa WPA ya TKIP. Iyi ndi yakale, ndipo kuwonjezera pa kufooka imachedwetsa netiweki, chifukwa rauta ikakhala pa TKIP liwiro la Wi-Fi silipitirira 54 Mbps ngakhale rautayo itakhala yamphamvu bwanji. Yoyenera ndi WPA2 ya AES, kapena WPA3 ngati firmware, pulogalamu ya m'kati mwa rauta, ili nayo. Pasiwedi ya WPA2 imalola zilembo 8 mpaka 63. Ife tikufuna kuika ya zilembo zosachepera 16, mawu anayi osagwirizana ophatikiza ndi manambala, osati nambala ya foni, osati dzina la shopu.

Makasitomala amene amabwera kudzasindikiza makalata amapempha Wi-Fi, ndipo n'zomveka. Pa zimenezi pali guest network: dzina lina, pasiwedi ina yoti tizisintha tsiku lililonse, ndipo mlendo saona makompyuta athu momwe muli ziphaso ndi masatifiketi a anthu. Taganizirani, lero lino anthu 13 osawadziwa ali pa netiweki imodzi ndi kompyuta yosunga zikalata za ana asukulu. Wina andiuza kuti tingogwiritsa MAC filter, yomwe imalola kapena kutsekereza chipangizo poona nambala yake yochizindikiritsa pa netiweki, yotchedwa MAC. Imathandiza pang'ono, koma foni zatsopano zimatha kusintha nambala ya MAC, ndiye si yodalira payokha. Ngakhale iyonso ili kuseri kwa chitseko chomwecho.

Za liwiro ndinene mwachidule. Wi-Fi ya rautayi ili ndi mafunde a mitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Pa 2.4 GHz rauta yanu yakhala pa chanelo 3, mulifupi 40 MHz, pamalo pomwe mashopu oyandikana nafe ali ndi ma Wi-Fi awo. Machanelo osapondana ndi 1, 6 ndi 11, pa 20 MHz. Chanelo 3 imasokonezana ndi a pa 1 komanso a pa 6 nthawi imodzi. Ya 5 GHz munaizimitsa, pomwe makompyuta athu ali m'chipinda chimodzi ndi rauta, malo omwe 5 GHz imagwira bwino koposa, ndipo sifika patali kudutsa makoma mpaka kumsewu. Network mode, posankhira pakati pa 4G ndi 3G, ikuoneka kuti ili pa auto, chifukwa kanyali kamasintha mtundu rauta ikagwera pa 3G n'kukakamira komweko mpaka titaizimitsa. Manambala a RSRP ndi SINR, oyezera mphamvu ndi ubwino wa siginolo ya 4G, omwe akanatiuza zenera lomwe siginolo ili bwino, alinso m'tsamba lomwelo. RSRP ikatsika kupitirira -110 dBm ndiye kuti siginolo yafooka kwambiri, koma ife tikungosuntha rauta mongoganizira.

Ndipo mnyamata wanu anaikhomera pamwamba pakhoma, pafupi ndi malata. Kabuku ka m'bokosi kakuti isagwire ntchito pamalo otentha kupitirira 40 digiri. Aliyense wokhala m'chigwa muno akudziwa kuti Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola pamenepo, nanji pansi pa malata masana. Inkangozima n'kuyaka yokha. Imeneyo tinaitsitsa tokha, chifukwa sinafune pasiwedi.

Ena mundiuza kuti ndingobaya kabowo ka reset ndi waya kwa masekondi 10. Ndikudziwa. Koma reset imafufuta zonse, kuphatikizapo APN yomwe munaikamo, dzina lomwe rauta imalumikizira ku intaneti ya kampani, ndipo achemwali aja anakana kundilembera APN, n'kundiopseza kuti ndikachita reset waranti yatha. Ndionetseni pomwe zimenezo zalembedwa, chifukwa pa risiti ndi pa pepala lomwe tinasaina palibe. Chinthu n'chathu, tinalipira ndalama yonse, sitinabwereke. Ngati pali remote management yoti inu muzilowa muli ku Blantyre, tiuzeninso, tidziwe amene ali ndi mphamvu pa netiweki yathu.

Zomwe ndikufuna ndi izi. Pasiwedi ya admin ndi APN mutitumizire molemba. Ngati lamulo lanu silikulola, tumizani munthu ku Nchalo pa ndalama zanu adzazimitse WPS, aike WPA2 ya AES, atsegule guest network, ife tikuona, ndipo pasiwedi tilembe ndi dzanja lathu. Mutibwezere K40,000 ya mabandulo owonjezera ndi K21,000 ya ulendo wopanda pake uja, pamodzi K61,000. Za tsiku lomwe shopu inatsekedwa sindinawerengere. Ndipo achemwali a pa kauntala aja apepese, osati kwa ine ndekha, koma pa zomwe ananena za anthu a kwathu.

Ndikukupatsani masiku asanu ndi awiri. Akadutsa, risiti, zithunzi za zipangizo 17 zija ndi kalata iyi ndikazitula ku MACRA ndi ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo rauta yanu ndidzaibweza pa kauntala pomwepo kuti mundipatse K118,000 yanga. Anzanga amene munagula rauta kwa anthu amenewa, lembani 192.168.0.1 lero, muyese pasiwedi ya pa kapepala. Ikakana, ndiuzeni, tipite limodzi.