Zikomo pobwera dzuwa litalowa

Kwa Wapampando,
Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za malo osungirako ana olakwira malamulo

Olemekezeka,

Ndine mphunzitsi pa amodzi mwa malo amene komiti yanu inayendera mwezi watha, ndipo ndalemba kuti ndikuthokozeni.

Alendo timalandira ndithu, koma nthawi zambiri timadziwiratu tsiku lake. Makoma amapakidwa penti, anyamata amavekedwa zochapa, alendo n'kuona zokongola zokhazokha. Inu munafika dzuwa litalowa, popanda kalata, ndipo choyamba kupempha chinali kaundula wa ogwira ntchito usiku umenewo. Munawerenga mayina papepala, kenako munawerenga anthu amene analipo. Sizinagwirizane.

Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Oyang'anira akachepa, zitseko zimatsekedwa. Ine ndimafika m'mawa choko chili m'manja, kalasi ili pululu, chifukwa palibe woperekeza anyamata kuchoka kuzipinda zawo. Mnyamata wina wa zaka 15 anali atangodziwa kulemba dzina lake. Kwa milungu itatu ndinkangomupatsa moni pakazenera kachitseko, ndipo pobwerera m'kalasi tinayambiranso pa chilembo choyamba. Oyang'anirawo sindikuwaloza chala. Munthu amene wachezera usiku wonse n'kupitiriza masana sachedwa kupsa mtima, ndipo ambiri angosiya ntchito.

Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, ndime 37, limati kutsekera mwana kukhale njira yomaliza, ndiponso kwa nthawi yochepa. Malamulo a Havana a 1990, amene United Nations inakhazikitsa poteteza ana otsekeredwa, amawonjezera kuti mwana wotsekeredwa asamanidwe sukulu, oyendera azifika mwadzidzidzi, ndipo mwana aziyankhula nawo mwachinsinsi. Izi ndinkangoziwerenga. Usiku uja ndinaziona, pamene mayi phungu wina anapempha akuluakulu atuluke kaye, n'kukhala pansi ndi anyamata. Kunena zoona, ndinkaganiza kuti angoti duu. Anayankhula mpaka nthawi yogona inapitirira.

Chiyendereni inu, kalasi yanga sinajombepo, poti masana atipatsa oyang'anira ena obwereka. Obwereka amabwezedwa, n'chifukwa chake ndikupempha kuti pokambirana bajeti mufunse unduna za mipata ya ntchito imene ikadali yopanda anthu, ndiponso tsiku limene idzadzazidwe. Mukadzabweranso, musadzatiuze.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa anyamatawo