Madzi amene amaoneka osaya

Mzuzu

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu inandipeza Lachiwiri, ndipo ndinaseka kuona kuti inu amene munkazemba phunziro la sayansi tili ku sekondale, lero ndinu amene mukufunsa zimene mwana wanu akuphunzira m'kalasi mwanga. Tili pa mutu wa refraction, kutanthauza kupindika kwa kuwala pochoka mu chinthu china kulowa mu chinzake.

Mumpweya kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, m'madzi 225,000, pamene m'galasi ndi 200,000 basi. Ana ndinawauza kuti aganize za ngolo imene ikuchoka pa tala n'kulowa mumchenga mopingasa: thayala limene layamba kuponda mchenga limachedwa linzake likuthamangabe, choncho ngoloyo imakhota. Kuwala nakonso kukalowa m'madzi mopendeka kumakhotera ku mzere wochita kuima chilili umene timautcha normal, koma kukalowa molunjika sikupindika ayi. Lamulo lake limadziwika ndi dzina la Snell wa ku Leiden, amene analipeza mu 1621, ngakhale kuti Ibn Sahl wa ku Baghdad anali atalilemba kale cha m'ma 984.

Galasi lochindikala limene tinkayesera zimenezi linasweka teremu yatha ndipo lina silinabwere, motero ndinanyamula kapu ya pulasitiki ya kunyumba. Ndinaika ndalama yachitsulo ya K10 pansi pake, n'kuuza mwana wanu kuti abwerere m'mbuyo mpaka mkombero wa kapu uibise. Nditathira madzi pang'onopang'ono, ndalama ija inatulukira iye asanasunthe phazi, ndipo anagwira pakamwa monga mmene amachitira agogo ake a ku Chibavi.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ulendo wa ana wopita ku Nkhata Bay mwezi wamawa. Onse aloweza kuti refractive index ya madzi, nambala yosonyeza mmene madzi amapindira kuwala, ndi 1.33, ndipo pa mayeso adzakhoza, koma ndi angati amene akudziwa kuti nambala imeneyo ikunena za moyo wawo? Kuwala kochokera pansi pa nyanja kumapindika potuluka, kotero miyala imaoneka ngati yakwera kufupi. Pamene pali kuya kwa mamita awiri, diso limaona mita imodzi ndi theka, ndipo munthu akayang'ana chapatali ataima pagombe pamaoneka posaya kuposa pamenepo. Ana a kunyanja amazidziwa izi asanalowe m'kalasi, popeza anakula akuona nkhafi ikuoneka yothyoka m'madzi, koma athu a kuno kumtunda ambiri sadziwa n'kusambira komwe. Madzi a ku Nkhata Bay ndi oyera mbee, ndipo kuyera kumeneko ndiko kumanyenga. Usiku ndimangoona mnyamata wamtali akudumpha pamwala poganiza kuti madzi amulekeza m'chifuwa.

Aphunzitsi anzanga akuti ndikukulitsa nkhani. Ine ndaganiza kuti tikafika, mwana aliyense asanavule nsapato adzayambe walosera kuya kwa madzi, kenako tidzamize nsungwi n'kuyeza. Mwana wanu ndidzamuika kutsogolo kuti agwire nsungwiyo, chifukwa akatengera kulimba mtima kwanu kuja kwa pa damu, ndiye kuti ine...

Magetsi azima ndipo kandulo yatsala kachidutswa. Moni kwa alamu.